Zikhomo Zofiira Zoloza Kumanda

Tivi ija ndinagula ndine. Ndiyambe ndi kuvomera zimenezo, chifukwa abale anga akamakamba nkhaniyi amayambira pa khasu, ngati kuti khasulo linangodzuka lokha n'kulowera kumanda.

Amayi atamwalira, bambo anatsala okha m'nyumba kwathu ku Nyampande. Ndikuti kwathu, koma kwa bambo kunali kwa eni. Iwo anachokera ku Nyalugwe ali mnyamata kudzakhala chikamwini, ndipo anakalambira pompo. Nyumba anamanga pamalo a akazi awo, dimba ankalima la akazi awo, ngakhale mtengo wa mango umene tinkakhala pansi pake anabzala okha panthaka ya apongozi. Mwambo wathu umati mkazi akamwalira, mwamuna amasudzulidwa n'kubwerera kwawo. Bambo anapempha kuti asapite. Anati ku Nyalugwe onse owadziwa anatha kufa, ndipo sankafuna kutalikirana ndi pamene anagona amayi. Amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ndiwo mwini mbumba yathu, sanavomere komanso sanakane. Anangoti, "Tizaona, alamu." Zaka ziwiri bambo anakhala pa "tizaona" ameneyo, osakweza mawu pamsonkhano, osakangana ndi munthu ngakhale mbuzi zake zitawadyera ndiwo kudimba. Onse tinkadziwa kuti akangolakwa kamodzi, apita.

Ine ndimaphunzitsa ku Petauke, ndipo ndimakhala komweko ndi mwamuna wanga. Zinkandiwawa kuganiza kuti bambo akabwera kudimba amangoyang'ana khoma. Choncho ndinawagulira kativi, sola ndi batire. Patchuthi cha Ogasiti ndinapita ndekha kukacheza, nditatenga fulashi imene mnzanga wina wa kusukulu anandiikiramo sewero lalitali la Azungu akale omanga njanji kudutsa chipululu, nthawi ya akavalo, zipewa zikuluzikulu ndi mfuti za m'chiuno.

Batire lathu linali laulesi. Linkadzaza dzuwa likafika paliwombo, ndiye tinkaonera masana, anthu akabwera kothirira. Tsiku loyamba tinalipo anayi. Pofika Lamlungu tinatulutsa tivi pakhonde, anthu n'kudzaza pansi pa mango, ena atabwera ndi timipando tawo, amayi ena akuswa mtedza m'malichero maso ali kutsogolo. Amalume ankakhala pampando wa ndalema wa bambo, ndipo bambo mwini nyumba ankakhala pamtondo wogubuduza.

Vuto linali Chingerezi. Azungu a m'seweromo ankayankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa, ndipo aliyense akangotsegula pakamwa anthu ankatembenukira kwa ine.

"Aphunzitsi, akamba chani uyo wandevu?"

Ndinayamba bwino, kumasulira mawu ndi mawu ngati m'kalasi. Koma anthu akwathu sakonda nkhani youma. Wandevu akanena mawu atatu ine n'kunenanso atatu, ankandiyang'ana ngati ndawabisira zina. Ndiye ndinayamba kuthira nsinjiro. Kapitawo akauza wantchito kuti afulumire, ine ndinkati, "Akuti iwe, miyendo unabwereka kwa ambuye ako?" Anthu n'kugwa ndi chiseko. Kunena zoona, zinandikomera. Ana a sukulu sanandimvetserepo choncho chiyambire.

Aliyense anali ndi chake chimene ankaonera. Azakhali, akazi a amalume, nkhawa yawo inali madzi.

"Kansi aba anthu sasamba? Kuyambila Chiwili malaya ni yamene yaja!"

Bambo ankaonera ntchito. Ali mnyamata anagwirapo ya msewu waukulu wopita ku Lusaka, ndiye piki ankaidziwa kuposa mpeni wa patebulo. Munthu akaikweza pa tivi, iwo ankapukusa mutu.

"Uyo sanagwilepo piki. Onani mwamene aimilila. Mailo msana uzamuuza."

Amalume ankakonda bwana wa njanjiyo, munthu wonenepa wa wotchi ya unyolo, amene akaloza ndi ndodo kuti tidutsa apa, ankadutsadi. Zaka zimenezo mphekesera zinali ponseponse zoti njanji idzachoka ku Chipata n'kudzera ku Petauke, ndipo amalume ankailakalaka ngati kuti adzakwera ulere.

"Uyo ndiye mwamuna," ankatero. "Njanji siikhota chifukwa cha munthu mmodzi."

Akanena zimenezo sankayang'ana bambo, koma ine ndinkamva kuti mawuwo akupita pamtondo paja.

Gawo limene linatiphera mudzi tinaonera Lachisanu. Opima malo anabwera ndi chipangizo cha miyendo itatu, n'kumakhoma zikhomo zomangirira nsanza zofiira, chimodzi pambuyo pa chinzake, mzere wowongoka. Mzerewo unafika paphiri pamene eni nthaka ija ankaika akufa awo. Nkhalamba ina inaima kutsogolo, manja ali m'mwamba. Bwana uja anatsika pakavalo, anayang'ana wotchi yake, n'kunena mawu ochepa. Ndinawamva bwinobwino. Anati nthawi palibe, pitirizani. Basi.

Pansi pa mango panali zii. Ngakhale oswa mtedza anasiya. Maso onse anali pakamwa panga, ndipo ndinaona kuti "pitirizani" ndi kamawu kochepa kwambiri kwa anthu amene agwira mpweya chonchi.

"Akuti kumbani onse," ndinatero. "Mafupa muunjike mu ngolo imodzi, mukataye mu mugodi umodzi. Akuti fupa silinkhala na dzina."

Azakhali anakuwa kuti mayo. Wina anatukwana bwanayo mpaka kwa amake. Ine mumtima ndinadziyamikira kuti lero ndiye ndaphika. Seweroli silinaonetse ngolo kapena fupa lililonse, linangodumphira ku nkhani ina, koma anthu anali ataziona kale m'mitu mwawo. Bambo anaimirira gawo lisanathe. Anati akukaona mbuzi, chonsecho mbuzizo zinali pomwepo, zikudya makoko a mtedza.

Patapita masiku anayi kunabwera galimoto yoyera. Munatsika amuna atatu ovala majekete owala, ndipo mmodzi anatulutsa chipangizo cha miyendo itatu. Ndinali pamjigo nthawi imeneyo, ndipo ndinaona amayi akutula zidebe pansi mmodzimmodzi. Anthu aja anayambira kumsewu, n'kumakhoma zikhomo za mitu yopaka penti wofiira. Mzere unadutsa m'mphepete mwa dimba la bambo, unawoloka khwawa, n'kulunjika kumsitu wa manda. Chikhomo chomaliza anachikhoma pafupi kwambiri ndi mitengo yoyamba, moti mthunzi wa madzulo unkachiphimba.

Bambo anawatsatira, chipewa chili m'manja, n'kuwafunsa mwaulemu kuti zikhomozo n'zachiyani. Wamkulu wawo sanali wa kuno, Chinyanja chake chinali cha m'tauni.

"Bambo, ise tangotumiwa kupima. Vinangu mukafunse ku boma."

Anakwera galimoto n'kumapita. Mawu amenewo sanathandize aliyense, chifukwa m'sewero muja opima malo ankayankhanso chimodzimodzi.

Madzulo ake bambo anapita kwa amalume, ine ndikuwatsatira. Manda a amayi anali mtumbira chabe ndi kapu yawo ya chitsulo pamwamba. Chiliza chinali chisanamangidwe, pakuti kumanga chiliza ndi nkhani ya mbumba, mkamwini sangaiyambe yekha. Bambo anakhala pansi, anawomba m'manja, n'kunena chimene anadzera.

"Alamu, timange chiliza manje, chikhale na dzina. Chaona mnzako chapita, mailo chili pa iwe."

Amalume anaseka pang'ono. Anati zikhomo zisatiopse, adzapita okha ku boma akamaliza za mtedza. Za chiliza anayankha ndi mawu awo aja, tizaona. Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha, koma mwana wamkazi sayankha amalume ake pamaso pa bambo ake, ndiye ndinameza.

Tikubwerera, bambo anaima panjira pafupi ndi khola la ng'ombe. Sanandiyang'ane.

"Mama, vija anakamba mzungu uja, va mafupa. Anakamba teti zoona?"

Apa ndiye pamene ndimadzida mpaka lero. Panalibe gulu, panalibe woseka, tinali awiriwiri. Ndikanangoti ayi atate, ndinawonjezera, nkhani ikanathera pakhola pomwepo. Koma ndinaganiza za mphunzitsi wa ku boma kuvomera kwa bambo ake kuti sabata yonse wakhala akunamiza mudzi. Kandimverere anakanena za m'maluwa, amatero akuluakulu, ndipo ine sindinafune kukhala kandimverereyo.

"Anakamba teti, atate."

Anagwedeza mutu n'kupitiriza kuyenda.

Masiku awiri otsatira sanaonere tivi. Ankakhala kuseri kwa nyumba akukanda chinachake ndi msomali, ndipo ine ndikayandikira ankachivundikira ndi thumba. Ndinaganiza kuti akukonza pulawo, poti mvula inali kutsogolo. Tsiku lachitatu, dzuwa lili pamutu, ndinabwera kuchokera kumjigo n'kupeza pakhomo palibe munthu. Khasu limene linkatsamira pankhokwe panalibe. Ndisanatule n'komwe chidebe, ndinamva azakhali akukuwa kuchokera kukhwawa, kukuwa kwa munthu amene waona njoka m'nyumba.

Amene sanakulire kwathu sangamvetse. Kumanda sikulowedwa. Timalowako pamaliro pokha, adzukulu okumba manda ali patsogolo, ndipo potuluka timasamba m'manja tisanakhudze mwana. Ngakhale nkhuni za m'mphepete mwake timatola chocheuka. Munthu wolowa kumanda yekha, masana, atanyamula khasu, ali ndi dzina limodzi lokha. Komanso sabata imeneyo kamdzukulu ka amalume kanali kakudwala, kakutentha thupi kosasiya.

Ndinathamanga opanda nsapato. Pofika ndinapeza anthu ataima mzere m'mbali mwa msitu, palibe wolowa, palibe wobwerera. Anyamata ena anali atathyola ndodo. Azakhali ankabwereza mawu amodzimodzi kwa aliyense wofika, kuti anawaona bambo ndi maso awo atagwada, akukumba. Tinadikira nthawi imene sindingathe kuiyeza. Kenako masamba ouma anayamba kulira, ndipo bambo anatulukira pakati pa mitengo, khasu lili paphewa, dothi lofiira lili kukhasuko ndi m'mawondo.

Wina kumbuyo ananena liwu lija. Sanakuwe, anangolitchula, koma tonse tinalimva. Mfiti.

Ndinakaima pambali pa bambo. Ndinkayang'ana ndodo zija, ndikuwerenga anyamata amene ndinawaphunzitsapo kulemba ali ang'ono, ndikudzifunsa ngati zimenezo angazikumbukire. Amalume anafika akupuma mwabefu, anayang'ana khasu, anayang'ana alamu awo, nkhope itauma.

"Pasapezeke wogwila munthu. Mailo kuseni, pa nyumba panga."

Tsiku limenelo palibe anabwera kudzaonera sewero. Palibenso anadzapala moto kapena kubwereka sefa. Ndinawafunsa bambo katatu chimene anakachita, ndipo katatu konse anandiyankha kuti ndidzamva mawa pamodzi ndi anzanga. Chakudya chimene ndinaphika chinadyedwa ndi agalu.

M'mawa mwake mudzi wonse unali pabwalo la amalume. Bambo anawakhazika pansi pakati, khasu lili patsogolo pawo. Amalume anatuma adzukulu awiri kuti akalowe kumanda akaone. Nthawi yonse imene anapita, kamwana kodwala kaja kankalira m'nyumba. Kulira kwake kulikonse kunkatembenuza mitu ya anthu kuloza kwa bambo.

Adzukulu anabwera atanyamula chitsulo. Anati mtumbira sunakumbidwe, wangolambulidwa udzu n'kuzunguliridwa ndi miyala. Koma kumutu anapeza ichi, chitakwiriridwa choimirira. Anachiponya pansi. Chinali chikhasu chakale cha pulawo, ndipo pamwamba pake panali zilembo zokanda ndi msomali, zokhotakhota, zobwerezedwa mpaka kulowa mkati. Amalume anawerama n'kuwerenga. Linali dzina la mlongo wawo.

Ndinaganiza kuti zatha, koma anthu anayamba kung'ung'udza. Chitsulo pamanda n'chachiyani? Dzina la wakufa kulikanda pachitsulo, si mankhwala amenewo? Amalume anakweza dzanja n'kuuza bambo kuti ayankhule.

Bambo anawomba m'manja kaye, mwa ulemu wawo wa masiku onse.

"Nalakwa kungena kwamene sikungenewa. Ico nivomela. Koma vikhomo mwaviona mweka kwamene viyenda. Nenze kufuna kuti akabwela kukumba, apeze kuti apa pagona munthu, ali na dzina. Asamuike mu ngolo pamodzi na anthu osaziwa. Mwamvela mweka mwamene amachitila. Akuti fupa silinkhala na dzina."

Mawu anga, m'kamwa mwa bambo anga, pabwalo la mlandu wa ufiti. Anthu ena anagwedeza mitu, koma ena nkhope sizinasinthe, ndipo azakhali ananena mokweza kuti mfiti siisowa chonena. Ndinaimirira osapempha mwayi.

"Amalume, mau aja si ya mzungu. Ni yanga. Mzungu anakamba chabe kuti pitilizani nchito. Va ngolo, va mafupa, va mugodi umodzi, ninaikamo neka kuti nkhani ikome. Atate ananifunsa, nine n'nawanamiza. Ngati pali mlandu, ni wanga."

Ndinaima pamenepo ndikudikira kuti anditukwane, ndipo ndinali wokonzeka. Koma mmodzi mwa anyamata a ndodo aja anatulutsa kachiseko m'mphuno, akuyesa kudzigwira. Mnzake anamugunda ndi chigongono n'kuphulika yekha. Chiseko chinayenda bwalo lonse ngati moto wa lupsa. Anthu amene dzulo lake anali ndi mantha tsopano anapeza potulutsira mpweya, ndipo anaseka mpaka kugwirana mapewa.

"Tivi yawatuma kumanda!"

"Amadala athamangila sitima ya mu fulashi!"

Ngakhale amalume anapukuta misozi ndi chipewa. Atapeza mawu anati nkhani yamveka, apa palibe ufiti, pali nkhalamba yopusitsidwa ndi mwana wake. Anagamula kuti bambo apereke mbuzi kwa adzukulu chifukwa cholowa kumanda, basi. Kenako, akusekabe, ananena mawu amene tinawadikira zaka ziwiri.

"Nkhalani, alamu. Muzayenda kuti? Tizaseka na ndani?"

Ine mtima unagwa pansi ndi chisangalalo. Ndinayang'ana bambo kuti tisangalale limodzi. Iwo anali akuyang'ana chitsulo chija pafumbi, pamene mwana wina anali atayamba kale kuchigunda ndi kamtengo. Anadikira chiseko chithe. Anawombanso m'manja.

"Zikomo, alamu. Mbuzi nizapeleka lelo. Koma nipempha munisudzule."

Amalume anaganiza kuti ndi nthabwala. Bambo anabwereza, mawu osakwera, osatsika.

Kunyumba ndinawakalipira, ine mwana, zimene sindinachitepo. Ndinati ndadzivula pamaso pa mudzi wonse kuti iwo akhale, ndiye akufuna chiyaninso? Ndinalira, ndinatchula amayi, ndinati akuwasiya okha. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu kutha. Kenako anandiyang'ana, kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo.

"Ukananisiya na ufiti wanga, mama. Mfiti amaiyopa. Manje nikapita ku dimba, ana azayamba kulila monga sitima kumbuyo kwanga."

Sananame. Mawa lake lomwe, akupita kothirira, ndinamva ana kukhwawa akuimba mluzu wa sitima, wautali, kenako kuthawa akuseka.

Anawasudzula mwezi wotsatira, mvula isanagwe. Anatenga zovala, piki yawo yakale ndi mbuzi ziwiri zotsala. Tivi anaisiya, ndipo lero ili kwa amalume. Ku Nyalugwe mwana wa msuweni wawo anawapatsa kanyumba kumapeto kwa mudzi, kumene anthu amawalemekeza ngati mlendo wokalamba amene sadziwa mbiri yake. Kamwana kodwala kaja kanachira atapita nako kuchipatala ku Petauke. Zikhomo zinadyedwa ndi chiswe. Ena amati zinali za mapolo a magetsi, ena amati za msewu, ndipo amalume ku boma kuja sanapite n'komwe.

Chinthu chimodzi ndiwayamikire amalume. Pamaliro otsatira anauza adzukulu kuti abwezere chitsulo chija kumutu kwa mlongo wawo. Ine ndi mwamuna wanga tinalipo, tinachiona chitaima pakati pa miyala ya bambo, zilembo zitachita dzimbiri koma zikuwerengeka.

Timapita ku Nyalugwe tchuthi chilichonse. Msewu wake ndi wautali, ndipo timafika titatuwa ndi fumbi. Bambo amatilandira bwino, amafunsa za ana, za ntchito, za mvula ya ku Petauke. Tikamwa madzi amafika pa funso lawo.

"Njanji yafika?"

"Siinafike, atate."

"Chisulo chikalipo?"

"Chilipo, atate. N'nachiona na maso yanga."

Amandiyang'ana pakamwa nthawi yaitali, monga ankachitira pansi pa mango paja. Kenako amatembenukira kwa mwamuna wanga n'kufunsanso funso lomwelo.